Dzina Langa Pamwamba pa Pepala la Loboti

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, amene anandipatsa mwana mmodzi wamwamuna ndipo sanalole kuti anthu andilande. Zimene ndikulembazi zinachitika kwathu, pakati pa Nsaru ndi Kabudula, m'nyengo yosankha fodya.

Mwana wangayo atamaliza Fomu 4 anapita ku tauni kukaphunzira zowotcherera zitsulo. Ntchito sanaipeze, choncho anabwerera kudzandithandiza kumunda, poti bambo ake anali atatisiya kale. Anabwera ndi chikwama cha zovala, kope lalikulu lachikuto cholimba, ndi kathumba ka timiyala ta pulasitiki ta mbali zambiri, mbali iliyonse ili ndi nambala yake. Ankati ndi madayisi. Nditationa ndinakumbukira asilikali aja amene anachita maere pa malaya a Ambuye wathu, ndipo mtima wanga sunakondwe. Koma anandiuza kuti si juga, palibe chimene munthu amaluza, ine n'kumusiya.

Lamlungu lililonse tikaweruka kutchalitchi, anzake awiri ankabwera. Wina anali wa kabaza, wonyamula anthu pa njinga yamoto. Winayo anali mwana wa matenanti a pa esiteti ya fodya yoyandikana nafe, banja lochokera ku Phalombe. Ankakhala m'chigafa, pa thebulo limene timasankhirapo fodya, ndipo ine ndikamasenda nyemba pafupi ndinkamva zonse.

Masewerawo ankayenda motere. Mwana wanga ankafotokoza nkhani ya dziko lakutali kumwamba, la fumbi lofiira, kumene anthu amamenyanirana chitsime chimodzi. Anzakewo ankayankha ngati ali komweko. Aliyense anali ndi pepala lojambulidwa loboti yankhondo, chimakina cha miyendo iwiri chotalika ngati bulugamu, munthu n'kukhala m'chifuwa mwake akuchiyendetsa. Loboti ankaipanga okha. Aliyense ankapatsidwa njere za mtedza makumi awiri kuti azigawe m'timabokosi tisanu ta papepalapo: mfuti, chitsulo chodzitetezera, miyendo, injini, ndi zoziziritsira. Ukachulukitsa kwina, kwina kuperewera. Akamaliza, mwana wanga ankalemba manambala, ndipo pamwamba pa pepala ankalembapo dzina la mwini wake. Dzina lenileni, la ubatizo.

Lamlungu lina mwana wa matenanti uja anaunjika mtedza wake pa mfuti.

"Aise, nanga uziziritsa ndi chiyani?" anafunsa wa kabaza. "Uzikupiza ndi chipewa?"

"Ndiwombera kawiri, nkhondo yatha. Inu muzikathamangathamanga ndi timaloboti tanuto."

"Imeneyo si loboti, ndi mbaula," anatero mwana wanga. "Ndakuchenjeza."

Anasewera mpaka dzuwa kupendeka. Dayisi itagwa komaliza, mwana wanga anasintha mawu monga ankachitira pofotokoza nkhani, n'kunena mokweza kuti: "Kutentha kwakwera. Injini yafiira. Wapsera m'kati momwemo, aise. Wafa!" Anatenga cholembera chofiira n'kudula mtanda waukulu papepalapo, kuchokera pa dzina mpaka pansi. Onse atatu anaseka.

Pakhomo pa chigafa panali pataima mayi ake a mnyamatayo. Anali atabwera kudzamuitana. Iwo sanaseke. Anayang'ana pepala, anayang'ana mwana wanga, anandipatsa moni wozizira, n'kupita ndi mwana wawo.

Lachiwiri mnyamatayo anagona, thupi lili moto. Lachitatu m'mawa nditafika pa mjigo, amayi amene ankacheza anakhala chete onse, n'kundisiyira mpata woti nditunge msanga ngakhale ndinafika pomaliza. Pobwerera, mnzanga wina amene timaimba naye kwaya ananditsatira n'kundinong'oneza.

"Kodi simunamve? Akuti mwana wanu anabwera ndi zausatana kuchokera ku tauni. Akuti amalemba maina a anthu m'buku. Amene wadulidwa ndi inki yofiira, basi."

Ndowa inandilemera pamutu. Zaka zingapo m'mbuyomo ndinaona ndi maso anga zimene anthu anamuchita bambo wina wa golosale pa sitolo za kwathu, atamveka mphekesera zonga zomwezi. Anamuswera mawindo, anamutenthera nyumba, ndipo anathawa ndi malaya okhawo amene anavala. Ena mwa oponya miyala anali anthu amene timakhala nawo benchi imodzi Lamlungu. Ndinadziwa kuti mnyamata uja akangomwalira, sipadzakhala wofunsa mafunso. Adzabwera kwathu.

Masana bambo a wodwalayo anafika. Anakana mpando. Anali munthu wofatsa, wa manja akuda ndi phula la fodya, ndipo anayankhula motsitsa mawu.

"Mayi, ife kuno ndife alendo. Sitifuna milandu. Mwana wanu amasule zimene wamanga."

"Bambo, mwapita naye kuchipatala?"

"Kuchipatala akaona chiyani? Mayi akewo anaona okha, anamva okha. Mwana wanu anati wapsa. Lero akupsadi. Ndikamupereka kwa a jakisoni ndiye ndamupha."

Atachoka, ndinalowa m'chigafa n'kutenga kope lija, limene ankasungamo mapepala a maloboti. Moto unali kale pa mafuwa. Mwana wanga anandipeza ndili nalo m'manja. Sanandilande. Anangokhala pansi, nkhope itachita phulusa.

"Amayi, tenthani ngati mukufuna. Koma mukatentha, anthu anena kuti munapezamo kanthu. Ndiye kuti nanunso mwavomera."

"Nanga mulibe kanthu?"

"Muli masamu ndi zojambula."

"Undiyang'ane. Pamaso pa Mulungu, mulibe kanthu?"

"Mulibe, Amayi."

Ndinene zoona, sindinakhulupirire ndi mtima wonse. Ndinamubala ndine, koma zaka ziwiri za ku tauni sindinali naye. Ndinalowa kuchipinda, ndinagwada, mawu osabwera. Chimene chinkangobwera m'mutu n'chakuti Malemba amaletsa kuweruza munthu usanamve mlandu wake, ndipo ine ndinali pafupi kuweruza mwana wanga ndi moto, chinthucho ndisanachione n'komwe. Ndinadzuka, ndinapukuta mawondo, n'kumuuza kuti abweretse mtedza.

"Wa chiyani?"

"Undipangitse loboti yanga."

Anandiyang'ana ngati ndazungulira mutu. Komabe anang'amba pepala, anajambula mofulumira chimakina chija ndi timabokosi take, n'kundiwerengera njere makumi awiri. Pamwamba ndinalemba ndekha dzina langa lonse, la ubatizo ndi la bambo anga.

"Kodi ichi n'chodzitetezera, eti?"

"Eya."

Ndinaikapo njere khumi ndi zinayi. Zotsalazo ndinamwaza: ziwiri pa zoziziritsira, ziwiri pa injini, imodzi pa miyendo, imodzi pa mfuti. Mwana wanga, ndi mantha ake onsewo, anaseka pang'ono.

"Amayi, iyi siyenda. Mwaiveka zitsulo zolemera kuposa injini yake. Imeneyi ndi nkhokwe."

Ndinakumbukira mbusa wachinyamata uja amene mfumu inamuveka zovala zake zankhondo, iye n'kulephera kuponya phazi, mpaka anazivula n'kukatola miyala kumtsinje. Ndinaona kuti loboti yangayo ndinaipanga ndi mantha anga. Koma sindinasunthe njere ngakhale imodzi.

"Isiye choncho. Bweretsa mdani."

Anayamba kufotokoza ndi mawu ofooka. Anati ndaima pafupi ndi chitsime, fumbi likuwuluka, ndipo kutsogolo kukubwera loboti yaing'ono yothamanga. Anandifunsa chimene ndichite. Ndinati ndiwombere. Anandipatsa dayisi. Kanali koyamba kugwira kanthu kameneko, kopepuka, kosalala, ndipo ndinapemphera mumtima ndisanakaponye. Inagwa nambala yaing'ono. Ndinaphonya. Mdani uja anazungulira kumbuyo kwanga, kumene chitsulo n'chopyapyala, ine osatha kutembenuka. Tinaponya katatu.

"Loboti yanu yagwa, Amayi," anatero.

"Nena monga unanenera Lamlungu."

"Amayi, ayi."

"Nena. Ndipo udule."

Anandikankhira cholembera chofiira kuti ndidule ndekha. Ndinamubwezera. Ndinati liyenera kukhala dzanja lomwelo. Misozi inali m'maso mwake. Ananena kuti ndafa, mawu osamveka bwino, n'kudula mtanda pa dzina langa. Inki inadutsa pa zilembozo. Ndinakhala phee, kumvetsera thupi langa.

Ndinapinda mapepala awiriwo, langa ndi la wodwala, n'kuwamanga pa nsonga ya chitenje. Ndinatuma mwana wanga kukaitana wa kabaza uja, koma atabwera naye, mwana wangayo ndinamuuza kuti atsale pakhomo atseke chitseko.

Nyumba za matenanti zinali mumzere kuseri kwa zigafa za esiteti. Panja panali anthu angapo, ndipo atandiona anasiya kuyankhula. Ndinagwada pakhonde monga mwa ulemu. M'kati ndinkamva mnyamatayo akubwebweta. Ndinamasula mapepala n'kuwayala pansi pamaso pa bambo ake ndi mayi ake.

"Ili ndi la mwana wanu. Ili ndi langa. Dzina ili ndi langa, aliyense wodziwa kuwerenga awerenge. Wadula ndi mwana wanga yemweyo, ndi cholembera chomwecho, lero lino, ndipo wanena mawu omwewo. Ngati pepala limapha, ndiye kuti wapha mayi ake omubala."

Bambowo anatola pepala langa ndi nsonga za zala. Anaitana wa kabaza kuti awerenge mokweza, ndipo anawerenga. Mayi wina kumbuyo anati, "Mayo ine."

"Tione mawa ngati mudzuke," anatero bambowo.

"Mawa n'kutali, bambo. Mukumumva mmene akupumiramo. Ine ndipita nawo limodzi kuchipatala, ndikakhala pamene mayi akewa akakhale. Azikandiona ndi maso awo. Ndikayamba kutentha, mudzanene zonse zimene mukufuna, ndipo sindidzakutsutsani."

Amene anadzuka anali mayi a wodwalayo. Analowa m'nyumba, anatuluka ndi bulangete ndi kapoto, n'kuuza wa kabaza kuti ayandikitse njinga. Bambowo sanawaletse. Anathandiza kumunyamula mwana wawo, n'kumukhazika pakati, mayi ake atamugwira kumbuyo. Ine ndinatsatira pa njinga ina.

Ku Kabudula anamuyeza magazi n'kunena kuti ndi malungo, ndipo afika poipa. Anamuika diripi. Anamwino anati tikanachedwa tsiku lina zikanavuta.

Tinakhalako masiku anayi. Mayi aja sankandiyankhula kwambiri. Koma pakapita kanthawi ankabwera pamene ndakhala, n'kuika kuseri kwa dzanja lawo pamphumi panga, kenako pakhosi, ngati mmene timachitira ndi khanda. Akapeza kuti ndili bwino, ankabwerera kwa mwana wawo. Ankatero pophika, ankatero pochapa.

Tsiku lachitatu mutu unayamba kundiwawa. Sindinauze munthu. Ndinapita kuseri kwa khitchini ya odikirira odwala, ndinakhala pa njerwa. Ndinaganiza kuti mwina anthu aja ankanena zoona, mwina ndayesa Mulungu, mwina mwana wanga sakudziwa chimene anabwera nacho. Ndinaganizanso kuti ngakhale atakhala malungo wamba, udzudzu womwewo umene umaluma aliyense, palibe amene adzamve zimenezo. Ndinapemphera pemphero losakongola. Ndinangoti, Ambuye, thupi ili ndi lanu, koma lero lokha musalole kuti litenthe. Mayi aja anandipeza pomwepo. Anaika dzanja pamphumi panga, analisiya nthawi yaitali kuposa kale lonse.

"Mwazizira bwinobwino," anatero. "Koma simunadye chilowereni muno. Tiyeni, ndaphika phala."

Nditadya, mutu unaleka.

Tsiku lachinayi mnyamatayo anakhala tsonga n'kumwa tiyi. Atandiona anachita manyazi, kenako anafunsa ngati pepala lake lilipo. Mayi ake anamukalipira kuti wangotsala pang'ono kufa ndipo akufunsa zopusa. Iye anati akungofuna achotse njere zinayi pa mfuti aziike pa zoziziritsira, chifukwa anzake aja ankanena zoona. Mayi akewo anaseka koyamba, akupukuta m'maso ndi chitenje.

Sindinganene kuti zonse zinathera pomwepo. Alipo amene mpaka lero amati ine ndinapulumuka chifukwa ndine mayi ake, ndipo mabanja awiri analetsa ana awo kufika pakhomo pathu. Koma mwala sunagwe padenga langa, ndipo pa mjigo anayambanso kundisiya ndidikire pamzere ngati wina aliyense. Bambo a mnyamata uja anabwera ndi nkhuku. Anyamatawo anayambiranso kusewera patapita mwezi. Mwana wanga anasiya kulemba maina enieni, aliyense amapeka dzina la woyendetsa loboti yake, ndipo cholembera chofiira chija ndinachitenga ine, ndimalembera nacho masiku obzala pa kalendala. Pepala langa lili m'kati mwa buku langa la nyimbo. Ndikalitsegula ndimaona nkhokwe yanga ya zitsulo ija, ndi mtanda pa dzina langa.

Inu amene mwawerenga izi, Mulungu akusungeni pamodzi ndi ana anu. Akutetezeni ku malungo ndi ku pakamwa pa anthu. Tsiku limene mantha adzakugwirani m'mawondo, akupatseni mphamvu zoti mudzuke n'kukafika pakhonde pamene mukuopa, ndipo mtendere wake ukhale pa nyumba zanu. Ameni.