Chimera cha alongo anga ndi maselo owala

Lachiwiri alongo anga a Nabanda, ophika thobwa pa Nathenje, anandiitana kuti ndikaone chozizwitsa. Ndinapeza timapaketi ta ufa tomwe anagula kwa bambo wina wa tayi m'minibasi ya ku Mitundu. Akuti muli ma stemu selo, maselo obala maselo anzawo, okonza thupi lonse. Mapiritsi awo a shuga a kuchipatala anali atawaponya pansi pa sutikesi, masiku anayi osamwa.

Mantha anandigwira. Ndinaimbira mwana wanga Tadala, amene amagwira ntchito mu labu m'tauni, n'kukweza mawu a foni kuti timvere limodzi.

Awerengi anzanga, sukulu ndinapitako ndithu, koma apa mutu unaima.

Tadala anati maselo oterewa alikodi m'thupi, koma ndi ochepa, ndipo amafanana ndi anzawo ngati nyemba m'thumba. Kuti awazindikire amawathira mankhwala ena ake. M'selo lenilenilo muli chinthu chotchedwa enzaimu, chimene chimasintha mankhwalawo mpaka selolo liwale mobiriwira. Kenako makina amapatula owalawo limodzilimodzi.

Ndinafunsa ngati enzaimuyo ndi kachilombo. Anaseka. Ndinafunsa ngati lowala lililonse ndi stemu selo. Anati ayi, ena amawala koma si iwo, amafunika kuwayesanso. Nanga tsono? Kuwala ndi umboni, komanso si umboni? Ndinangoti kukamwa yasa.

Atatopa nane, Tadala anafunsa alongo anga pa foni pomwepo: "Azakhali, chimera chabwino mumachidziwa bwanji?"

Iwo anati sakhulupirira maonekedwe. Amatapako pang'ono n'kuthira m'phala, likasungunuka n'kutsekemera ndiye kuti ndi chimera.

"Enzaimu ndi imeneyo, timaidziwira pa ntchito yake. Koma selo louma la m'paketi silingawale, azakhali. N'lakufa."

Chondizunguza mpaka lero n'chakuti mayi amene sagula chimera osachiyesa anameza ufa wosadziwika chifukwa cha tayi. Ndipo si iwo okha. Ndi angati a ife amene timagogoda mphika tisanagule, timaluma mtedza wa mbewu, koma mawu achizungu akangomveka timatambasula dzanja? Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere, timaudziwa tonse mwambiwu. Kungoti nanenso, mlembi wanu, mutandifunsa kusiyana kwa selo lowala ndi losawala ndingokanda m'mutu.

Ndinawafunsa alongo anga chomwe anasiyira mapiritsi.

"Achimwene, wa tayi uja anandifunsa mmene ndimagonera usiku, miyendo ikamayaka. Kuchipatala amangolemba, osadzutsa mutu."

Ndinangowapempha kuti ayambirenso kumwa mapiritsi awo.

Piritsi anamwa ine ndikuona, ndipo mtima unakhalako pansi. Koma timapaketi tija sanatiponye pamoto. Anatikulunga bwinobwino m'kansalu n'kutiika pansi pa sutikesi, pomwe panali mapiritsi paja.

Ndiye ndiuzeni, inu odziwa kupatula selo limodzi pakati pa anzake osawerengeka: mayi mmodzi pamzere wa kuchipatala, ndani adzamuone?