Agogo a Clementina Anatipempha Kuti Tiimbire Pabwalo

Bambo Mfumu andiuza kuti ndilembe za agogo a Clementina m'nyuzi ya parishi, ati popeza pakamwa panga sipatopa, dzanja nalonso ligwireko ntchito. Ndalemba, koma manyazi andigwira.

Agogowa anabadwira ku Chikweo, makolo awo anachokera ku Mozambiki. Ali mtsikana anakaphunzira kwa asisiteri kufupi ndi Balaka. Chaka china kunagwa chimfine choopsa, chomwe anthu ankati chikuyenda ndi sitima, siteshoni ndi siteshoni. Sukulu inatsekedwa, ana onse anabwezedwa kwawo. Iwo anafika kumudzi akutsokomola, abale anadzaza m'nyumba kudzawazonda monga timachitira, ndipo mwezi usanathe mlongo wawo wamng'ono anamwalira. Nkhani imeneyi taimva pamaliro a agogowa pompa. Ngakhale ine, amene ndimadziwa za aliyense pa Nsanama, sindinkaidziwa.

Anakwatiwa kuno, analera ana, kenako amuna awo anatisiya. Tchalitchi ankasesa Loweruka lililonse mpaka msana unapindika. Pamaliro sankajomba, odwala ankawatungira madzi. Koma iwo akangoyamba chifuwa, Misa ankaimvera panja, pafupi ndi zenera, ndipo moni wa mtendere sankapereka ndi dzanja. Ankangoti, "Mulungu amamva ndi panja pomwe." Ife tinkati ndi matama. Nthawi ya Kovidi ndi iwo ankakhala pakhomo la tchalitchi ndi ndowa ndi sopo, mpaka anabweza akatekisiti kuti akasambenso, ati anangonyowetsa zala.

Chisanu cha chaka chino chifuwa chinawagwetsa. Amphakati, ife opemphera limodzi m'mudzi muno, tinapita gulu kukawazonda, amayi anga patsogolo, ena atabereka makanda. Tinapeza chitseko chotseka. Analankhulira pazenera kuti tisalowe iyayi, makamaka ndi anawo, koma tiwaimbire tili pabwalo, mtima wawo ukufuna nyimbo za Amayi Maria. Amayi anga anapsa mtima, ati mkhristu sabwezedwa pakhomo ngati wogulitsa makala. Tinabwerera osaimba, ndipo njira yonse tinkawanena.

Iwo anadikirabe. Mayi Zulfa, neba wawo wachisilamu amene ankawaikira phala pazenera, ankabwera kwathu kudzanena kuti agogo akufunsa ngati oimba aja ali m'njira. Tinkangoyankha kuti tibwera Lamulungu.

Agogo anamwalira Lachisanu m'mawa, mwakachetechete, kolona ali m'manja. Palibe ndi mmodzi yemwe amene anamupatsira chifuwa chija.

Pamaliro mayi Zulfa anapempha kuyankhula. Anati agogo atatopa kudikira, anawapempha iwo kuti ayeseko kuimba.

"Ine nyimbo zanuzo mawu ake sindiwadziwa," anatero. "Ndinangong'ung'udza zomwe ndimamva mukamaimba Lamulungu. Anandithokoza kwambiri, ati ndaimba bwino."

Ife amphakati tinali titavala nsalu zofanana, mabuku a nyimbo ali m'manja. Amayi anga ndi amene anayenera kuyambitsa nyimbo yotsatira. Anatseka buku lawo, nyimboyo anaiyambitsa wina.