Botolo la madzi a mchere linandichotsa pa chitengwa

Ndinanama, inu owerenga, ndipo bodzalo linandilanda nyumba. Chimenecho ndikuvomera. Koma amene akudikira kuti ndipepese chifukwa chokaona nyanja ya mchere, apeze mpando, adikira mpaka kalekale.

Ndinakwatiwa ku Kandeu ndipo ndinkakhala pa chitengwa. Ine ndi amuna anga tinkalima mbatata ya kachewere, nyumba ya malata tinamanga ndi thukuta lathu. Tikamakumba mbatata, iwo ankakonda kunena kuti chaka china tidzakwera basi, tikaone nyanja yoyendamo sitima zazikulu kuposa tchalitchi. Chaka chinacho sichinafike. Anadwala mvula ili mkati, n'kutisiya.

Pasaka itayandikira, mwana wanga wamkazi, amene amapikula zitenje ku Dar es Salaam, anati tipitire limodzi ndikapitidwe mphepo. Ndinali ndidakali m'zakuda, ndipo kwathu namfedwa sayendayenda asanavule zakuda. Ndinadziwa kuti alamu anga, akulu awo a malemu, sangalole. M'malo mowapempha, ndinawauza kuti ndikukaonetsa mwendo kuchipatala ku Lilongwe. Ndinachita kutsimphina pokwera minibasi, mayi wamkulu ngati ine.

Tinafika Lachisanu Loyera. Kutentha kwake, ine wozolowera chisanu cha kumapiri ndinangoti ndifera konkuno. Mwanayo anandikweza tinjinga tamoto ta matayala atatu, tolowa paliponse ngati mbuzi pamsika. Loweruka tinazungulira m'misika mpaka mapazi kutupa. Ndinaona nsomba zotalika ngati munthu, ndi zina za miyendo yambirimbiri zomwe ndinakana kulawa ngakhale anandinyengerera. Madzulo tinawolokera tsidya lina la mzindawo pa boti lonyamula anthu ndi magalimoto omwe, ine nditagwira chitsulo osachitaya.

Lamulungu titatuluka ku misa tinapita kugombe. Ndinavula nsapato, kulowa mpaka m'mawondo, kutapa madzi n'kulawa. Mchere weniweni! Ndinaseka koyamba chimwalirire amuna anga. Kenaka patali panadutsa sitima, yaikulu monga ankanenera, ndipo ndinalira pamaso pa anthu osawadziwa. Ndinatola botolo, n'kutungamo madzi kuti mwini malotowo ndikamupatseko.

Vuto linayambira apa. Kumanda munthu sapita yekha, amayamba wauza akuluakulu. Nanga ine ndikanawauza chiyani, poti iwo ankadziwa kuti ndinali ku Lilongwe? Nditabwerera ku Kandeu, ndinalawira m'mamawa, kukagwada pamanda, kuthira madziwo n'kunena kuti, "Bambo, nyanja ija ndi iyi." Mayi wina wotola nkhuni anandiona. Dzuwa lisanafike paliwombo, mudzi wonse unali utamva kuti ndathira mankhwala pamanda kuti mzimu wa malemu usaulule amene anawapha.

Alamu anandiitanitsa pamaso pa abale onse. Anandifunsa mofatsa, "Alamu, mwendo uja wachira? Kapena adokotala anati mankhwala ake mukathire pamanda a m'bale wathu?"

Ndinaulula zonse, za basi, za gombe, za botolo. Iwo anangopukusa mutu. "Za Lilongwe munatinamiza. Za botolo tikukhulupirirani bwanji?"

Pamenepo ankanena zoona. Anagamula kuti ndivomere kuti anali mankhwala, ndipereke mbuzi, nkhani ithe, ndipitirize kukhala m'nyumba yanga. Ena anandinong'oneza kuti ndingovomera, ndi mawu chabe. Mawu chabe? Munthu amene ndinamusambitsa ndi kumudyetsa phala ndi supuni, lero ndivomere kuti ndinamupha? Ndinagwada n'kupepesa za bodza, ndinapepesanso zolowa kumanda ndekha. Za mankhwala ndinakana, ndipo ndikukanabe.

Anandisudzula mbatata isanakumbidwe. Ndinanyamula zovala ndi mapoto kubwerera kwathu ku Kasinje, komwe mchimwene wanga anandigawira kadimba ka mpunga. M'nyumba ija mukukhala mwana wa alamu ndi mkazi wake. Ndikamva kuti apaka utoto wina pakhoma lomwe ndinazira ndekha, mtima umandiwawa, sindibisa.

Amayi anzanga, makamaka inu muli pa chitengwa, ndimvereni. Ngati pali malo amene mtima wanu ukufuna kukaona, kaimeni pamaso pa alamu anu masana, muwauze kuti ndikupita kwakuti, ndibwera tsiku lakuti. Akakalipa, asiyeni akalipe. Adzakunenani kuti ndinu wamwano, koma mwano suthamangitsa munthu pamudzi ngati mbiri ya ufiti. Ine ndinaopa kukalipiridwa kwa tsiku limodzi, ndipo pamene ndinafuna kuti andikhulupirire pa chinthu chachikulu, panalibe amene akanatha.

Ndipo inu amene amuna anu adakali moyo, akamati chaka china, afunseni kuti mwezi uti. Mbatata simatha kumunda. Mukakolola nyamukani, mukaimirire m'madzimo muli awiri. Kuthira madzi pa dothi sikukoma, ndinayesa ine, ndipo amuna anga sanandiyankhe.