Miyezi Iwiri ya Narelle

Narelle Pfitzner ndinamudziwa tsiku lomwe anafika kuno ku Tarlabie, katauni kathu kakumidzi, m'mwezi wa Malichi, atapanikiza m'galimoto matiresi, mphaka ndi mwana wake Kirrily wa zaka khumi ndi chimodzi. Anasiya mwamuna wake mumzinda wa Adelaide ndi mabotolo ake a mowa. Ine ndimagwira ntchito pa positi ofesi, ndiponso ndine wosayinira anthu makalata a lumbiro m'tauni ino, choncho za aliyense zimadutsa pakauntala panga, ndifune ndisafune.

Anapeza ntchito yochapa nsalu kunyumba yosamalira okalamba, komwe kunalinso amayi anga. Manja ake anali ong'aluka chaka chonse, ndipo sindinamuonepo atamaliza kapu ya tiyi ali chikhalire. Nkhani yake inali imodzi: Kirrily adzakhala dokotala. Tinkaimva mpaka makutu kuwawa. Koma mwanayo mutu anali nawo, zimenezo sinditsutsa.

Kenaka mphunzitsi wa sayansi pasukulu pathu anachoka, wina osabwera. Ndani angabwere kudzadya fumbi kuno? Narelle sanagonere. Januwale atangokwana anamanga katundu n'kubwerera ku Adelaide kuti mwana akayambe teremu pasukulu yabwino. Kumeneko wakhala zaka ziwiri, m'mawa kukolopa m'maofesi, masana kuchapa kuhotela.

Sabata yatha anangotulukira, atayendetsa galimoto maola asanu, maso ali psuu.

"Glenys, sunafebe?"

"Ndikudikira iwe utsogole. Wakalambatu mtsikana."

Anaseka pang'ono n'kuyala fomu. Kirrily anapeza 96 pa 100 pa mayeso omaliza a sekondale. Kwa mwana wa mumzinda imeneyo siikwana udokotala, amafuna 99. Koma yunivesite yomwe ankafunayo inasungira ana akumidzi malo ndi thandizo la fizi, ndipo kwa iwo 96 inali yokwana. Chofunika chinali umboni woti mwana anakhala kumudzi zaka zisanu zosadukiza.

"Ungolemba kuti zisanu," anatero.

"Unafika Malichi, unachoka Januwale. Ndi zinayi ndi miyezi khumi."

"Miyezi iwiri, Glenys! Ngakhale nkhosa siiswa pa miyezi iwiri!"

"Kaundula wa sukulu ali ndi masiku omwewo. Akadzagwira bodzali, adzamuchotsa ngakhale ali m'chaka chachitatu, ine n'kukaima kukhoti."

"Amayi ako ndinawasintha nsalu zonyowa zaka zinayi. Sindinawerengepo miyezi."

Zinandipweteka, chifukwa zinali zoona. Cholembera ndinachigwira nthawi yaitali, mtima ukundiuza kuti ndingolemba zithe. Ndatopa nawo malamulo olembedwa ndi anthu amene sanaponde kuno. Komabe ndinalemba masiku enieni n'kudinda chidindo. Mwina wina kuyunivesiteko angamve chisoni, ndinamuuza choncho, ngakhale tonse tinkadziwa kuti fomu ilibe chisoni.

Narelle anawerenga, n'kupinda pepalalo kanayi. Sanakalipe. Anakhala pa benchi pomwe okalamba amadikirira mapaselo, n'kuvula nsapato.

"Ukudziwa," anatero, "Kirrily ankalira kuti tidikire chionetsero cha ulimi cha mu Epulo, akaonetse kamwana ka nkhosa kake. Ndinamukoka dzanja. Ndinati madokotala sachokera m'khola."

Kuthamanga si kufika, koma mawu amenewo sunganene kwa munthu amene wathamanga zaka zonsezi. Ndinangoika ketulo pamoto.

"Kirrily akudziwa?" ndinafunsa.

"Akuti zinakwana zisanu. Ndinamuuza ndine. Wagula kale chikwama."

Foni yake inalira. Anayang'ana dzina, n'kuitambasulira kwa ine pamwamba pa kauntala.

"Muuze ndiwe, Glenys. Ine sindingathe."

Ndinailandira. Kumbali inayo kunamveka mawu a mtsikana wosangalala, akupuma mothamanga.

"Amayi? Anti Glenys asayina?"