Kaseti ya a Josenildo

Seu Aldenor sanasewerepo gemu mpaka kuimaliza, ngakhale kuti magemu ndiwo anawalerera ana atatu. Iwo chidwi chawo chinali pa zamkati mwa zinthu. Ali mnyamata anaphunzira kukonza mawailesi pa benchi la mkulu wina mumsika waukulu wa Campina Grande, ndipo atakwatira Dona Zuleide anaika benchi lawolawo m'chipinda chakumaso kwa nyumba yawo ku Catolé. Anthu ankabwera ndi ma TV, akamva mtengo wokonzetsera n'kupita osabweranso. Pofika chaka cha 1993 m'chipindamo munali ma TV anayi amasiye, onse ogwira bwinobwino.

Chaka chimenecho mayi wina wa mumsewu mwawo, amene ankayenda masiku atatu pa basi kukaoda katundu ku Paraguay, anawabweretsera makina awiri a magemu ndi makaseti ake khumi. Seu Aldenor analumikiza makinawo ku ma TV aja, nagula mabenchi. Sabata isanathe, pakhomo panali patadzaza masilipasi. Ana ankalipira pa ola, ena ankabwereka kaseti Lachisanu n'kudzabweza Lolemba. Malamulo analembedwa pa katoni: wotukwana atuluke, wovala yunifomu nthawi ya sukulu asalowe, wadya zamafuta ayambe wasamba m'manja.

Ntchitoyo inayenda zaka khumi ndi chimodzi. Kenako ana anatengeka ndi makompyuta, pambuyo pake mafoni. Anzawo amene anali ndi malo ngati amenewa anagulitsa katundu yense kwa ogula zitsulo zakutha. Seu Aldenor ananyamulira zawo kuchipinda chakuseri, makina asanu ndi awiri ndi makaseti oposa mazana awiri. Masiku ano anthu amati bamboyu anaona patali. Eniake amakana. Amati sanaone kalikonse, kungoti mtima wawo sulola kutaya chinthu chomwe chikuyakabe. Lolemba loyamba la mwezi uliwonse amayatsa makina onse, napukuta mano achitsulo a makaseti ndi kathonje konyowetsa mu sipiriti, nalowetsa angapo kuti aone ngati ali moyo.

Amene anatulukira kuti kuseriko kuli chuma ndi mkamwini wawo Cleiton, mwamuna wa mwana wawo Rosângela, amene amakonza mafoni m'tauni. Tsiku lina analowamo kukafuna waya, anatulukamo patapita ola lathunthu, foni ili m'manja.

"Apongozi, mukudziwa chimene mwaunjika umu?"

"Fumbi."

"Ku São Paulo kuli azibambo amadazi, aja ankasewera ali ana, lero ali ndi ndalama. Akuzisaka zimenezi ngati mankhwala. Kufakitale anasiya kalekale kupanga, ndiye chaka chilichonse zikuchepa, mtengo ukukwera. Musunge zaka khumi zina, mudzandiuza."

"Zaka khumi zina inenso mudzakhala mutandiika m'bokosi mwanga."

Cleiton si munthu wadyera. Ankaganiza za mwana wake Luana, amene anali atangoyamba sukulu. Anagula timapepala tapulasitiki, navindikira makaseti abwinoabwino, ndipo pakati pa onsewo anasankha imodzi imene ankaigwira ndi nsonga za zala. Inali ndi bokosi lake, kabuku kake, mapu ake opindidwa, ndipo pepala lomatidwa pa kasetiyo linali lopanda banga ngakhale limodzi. Anati lero lomwe ikhoza kugula njinga yamoto, ndipo Luana akamadzafika ku yunivesite idzakhala itaposa pamenepo.

Pakhomopo kaseti imeneyo imatchedwa ya a Josenildo, ngakhale anaigula ndi Seu Aldenor. A Josenildo ndi compadre wawo, popeza ndiwo ananyamula Rosângela pa ubatizo. Anali dalaivala wa mabasi a mumzinda mpaka anapuma. Mu 1996 anabwera ndi lamba m'manja kudzathamangitsa mwana wawo Beto, amene anali atazemba ntchito ya pakhomo. Atamuthamangitsa anakhala pa benchi pomwepo, akuti aone chomwe chikupusitsa anawa. Anadzuka dzuwa litapendeka.

Gemu yake ndi ya ulendo wautali. Anthu anayi amayenda m'midzi ndi m'mapanga kulimbana ndi zilombo, ndipo wosewera ndiye amawapatsa mayina. Wotsogolera anamutcha NILDO. Mkazi wochiritsa ovulala anamutcha LURDES, dzina la akazi awo. Mnyamata wa lupanga anakhala BETO. Panatsala chimunthu chonenepa, choyenda pang'onopang'ono ndi chinkhwangwa paphewa, ndipo chimenecho anachitcha DENOR, chidule cha dzina la Seu Aldenor. Kaseti yamtunduwu imakumbukira pamene munthu walekezera, koma ana anali ndi khalidwe lofufutirana maulendo. A Josenildo anachonderera, ndipo Seu Aldenor anaichotsa pa shelefu n'kuikiyira m'dirowa. Ndi chifukwa chake inakhala yoyera chonchija.

Kuyambira pamenepo, Loweruka lililonse ikakwana 2 koloko a Josenildo amatulukira kuchokera kumsika, chijumbo cha nthochi m'manja. Dona Zuleide amaika khofi ndi keke ya chimanga. Seu Aldenor amakhala pa benchi lawo akukonza fani kapena ayironi ya munthu, mnzawo akuyenda ulendo wake. Pachipata chomaliza anafikapo kalekale, koma salowa. Amabwerera, nazungulira m'midzi, nagula nsapato zatsopano za anthu ake. Amati chilombo chomaliza chimabera. Dona Lurdes anamwalira mu 2011, koma pa TV amayendabe pambuyo pa NILDO, atavala mkanjo woyera. Seu Aldenor sanafunsepo kanthu za chipata chija.

Lolemba lina la mwezi wa Ogasiti, Seu Aldenor analowetsa kaseti ina ya ulendo, napeza kuti mayina onse a ana amene ankaisewera kale afufutika. Analowetsa inzake, nayonso mbee. Makaseti awiriwo anawagula tsiku limodzi, m'sitolo imodzi ku Recife, pamodzi ndi ya a Josenildo. Mkati mwa kaseti yotere mumakhala kabatire kofanana ndi batani la jekete, ndipo ndi komwe kamasunga ulendo. Kakatha, zonse zimapita. Anathamangira kudirowa, nayatsa. NILDO anali pomwepo. Koma zinali zoonekeratu kuti kwatsala miyezi, mwina masabata.

Njira yake ankaidziwa. Umatsegula kaseti, numangirira batire lina ndi mawaya awiri kuti moto usaduke, nuchotsa kakale, nuwotcherera katsopano. Waya akasuntha ngakhale kamphindi, ulendo watha. Vuto lina linali lakuti sikuluwu yotsegulira kasetiyo inabisika pansi pa pepala loyera lija.

Cleiton atamva anagwira mutu.

"Apongozi, mukaboola pepala limenelo mwadula mtengo pakati. Anthu aja amayang'ana ndi galasi lokulitsa!"

"Ndamva."

"Tiwajambulire a Josenildo pa foni ulendo wawowo, azionera."

"Iwe, munthu angakhute poonera chithunzi cha cuscuz?"

"Nanga Luana?"

"Luana ali ndi bambo wa manja awiri. Ndipo makaseti enawo alipo mazana awiri, ndi ake onse. Iyi yokha inayera chifukwa cha mkulu uja. Akanapanda kundivutitsa, bwenzi ana ataidya ndi mano."

Dona Zuleide, amene ankasenda chinangwa pakhomo la khitchini, anangoti, "Cleiton, mwana wanga, khofi wako akuzizira."

Seu Aldenor anayeserera kaye pa makaseti awiri a mpira, otchipa. Pa yoyamba dzanja linanjenjemera, waya anasuntha, zonse zinafufutika. Pa yachiwiri zinatheka, koma thukuta linali litanyowetsa malaya. Anayang'ana manja awo nthawi yaitali. Anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi mphambu zisanu ndi ziwiri, ndipo aka kanali koyamba kuti manjawo awakane ntchito.

Lachinayi anapita kwa a Josenildo kukawauza. Anawapeza akuthirira tsabola m'zitini.

"Ndiye mwavutika kukwera mtunda wonsewu chifukwa cha kachidole, compadre?" anatero a Josenildo. "Kagulitseni. Mugule mano atsopano, awo atha."

"Ndikufunsa ngati ndingatsegule. Zikhoza kufufutika ndili mkati mogwira."

"Zifufutike. Ine ndine mwana? Komanso DENOR uja wanditopetsa, amangodya osagwira ntchito."

Ananena akuyang'ana tsabola. Madzi anadzaza m'chitini n'kuyamba kutayikira pa nsapato zawo.

Loweruka a Josenildo anafika isanakwane 1 koloko, atavala malaya awo a kutchalitchi, opanda nthochi. Anapeza Cleiton ali kale pa benchi, atabwera ndi nyale yake ya kuntchito ndi kopanira kakang'ono kogwirira zamkati mwa mafoni. Palibe anamuitana. Rosângela ndiye anamuuza za kaseti ya mpira ija.

"Ngati mukuboola ndithu, bolani muboole bwino," anatero Cleiton. "Mawaya ndigwira ine. Manja anuwo akuvina forró."

"Taona mwanayu," anatero a Josenildo. "Dzana lomweli amabwera kuno kudzafunsira mkazi, mawondo akuombana."

Seu Aldenor anapapasa pepala lija ndi chala mpaka anamva kadzenje ka sikuluwu. Anatenga lezala latsopano, nacheka kamtanda kakang'ono. Cleiton anatseka maso. Kasetiyo inatseguka mosavuta, ndipo mkati munali mwaukhondo ngati mwa dzulo. Kabatire kanali pakona, katachita dzimbiri pang'ono m'mbali.

"Compadre, pitani mukakhale panja."

"Ndikhala pompano. Ndayendetsa basi yopanda mabuleki kutsika phiri ine."

"Ndiye tsekani pakamwa."

Cleiton anagwiritsa mawaya awiri aja pamalo pake, zigongono atazitsamiritsa pa benchi. Seu Aldenor anayandikiza chowotcherera. Kautsi kanakwera, mwendo umodzi wa kabatire unamasuka. Wachiwiri unakana. Anawonjezera mtovu, nadikira, nayesanso. Kunja galimoto yogulitsa gasi inadutsa ikuliza nyimbo yake, galu wa oyandikana nawo nayamba kuuwa. Dontho la thukuta linatsika pamphuno pa Cleiton, koma sanalipukute. Mwendo uja unamasuka. Seu Aldenor anaika kabatire katsopano, nawotcherera uku ndi uku, nayeza ndi mita ya magetsi kawiri.

"Siya tsopano."

"Ndisiyedi?"

"Siya, mwana wanga."

Cleiton anachotsa mawaya, natambasula zala zomwe zinali zitachita dzanzi. Seu Aldenor anatseka kasetiyo, nagonetsa timilomo ta pepala tija ndi chikhadabo. Kamtandako kankaoneka ndithu. Anailowetsa m'makina, koma sanayatse.

"Yatsani nokha, compadre."

A Josenildo anapukuta dzanja pa thalauza, nakankha batani. TV inachita mdima, kenako nyimbo ija inayamba. Anadina kamodzi. Panatuluka NILDO, pambali pake nambala ya maola imene inaima pa 99:59 zaka zambiri zapitazo chifukwa malo olembapo anatha. Anadinanso. Anthu anayi anaonekera pabwalo la mudzi wina wa m'mphepete mwa mtsinje, pamene anawasiya Loweruka lapitalo, wa mkanjo woyera ali pambuyo pa wotsogolera.

A Josenildo anayendetsa anthu awo mpaka pachitsime cha m'mudzimo, nabwerera, napitanso.

"Manja amenewa ndi a dokotala," anatero potsiriza.

"Ndi a mkamwini. Ine ndangowotcha."

"Kabatire katsopanoka kadzakhala zaka zingati?" anafunsa Cleiton.

"Makumi awiri, mwina kuposa."

"Ndiye kadzatiika m'manda tonse awiri," anatero a Josenildo. "Iwe Cleiton, ukadzaigulitsa kwa amadazi akowo, udzawauze kuti DENOR asamamupatse nyama yambiri."

Cleiton anaseka, natenga bokosi la kasetiyo, naliika m'pulasitiki mwake mosamala monga kale. Ananena kuti bokosi, kabuku ndi mapu zikadali ndi mtengo wake, ndiponso kuti alipo ogula ena amene amakonda kaseti yosinthidwa batire. Seu Aldenor sanadziwe ngati zimenezo n'zoona kapena mnyamatayo ankangodzitonthoza, ndipo sanafunse. Kuseri kunali makaseti ena khumi ndi anayi a mabatire, ena mwa iwo ali ndi mayina a ana amene lero ndi azibambo a mumsewu momwemo. Anagwirizana kuti aziwasintha awiriawiri Loweruka lililonse, Cleiton akaweruka.

Dona Zuleide analowa ndi khofi, nafunsa ngati wodwala wachira. A Josenildo anayankha kuti wachira, koma chowongolera gemu ichi batani lake lakumanzere likulimba, ndipo pakhomo pano anthu sasamala makasitomala. Seu Aldenor anachilandira, nafika pa shelefu, nawapatsa china.