Mbiya za Amayi Sitinabise

Ndinadzuka tambala asanalire kachiwiri. Ndinali nditagona chokhala, msana uli kukhoma, m'chipinda mmene mtembo wa amayi unagonekedwa pamphasa. Kunja kunali chiperoni, kamvula kaja kowaza kamene kamatha masiku atatu osaonetsa dzuwa. Linali Lachisanu, m'mwezi wa June, ndipo tonse tinkadziwa kuti maliro ayenera kuikidwa dzuwa lisanalowe, Sabata lisanayambe.

Usiku wonse pa siwa panalibe nyimbo. Amene anakhalapo pa maliro kwathu kuno kwa Kapichi akudziwa kuti zimenezi n'zolemera. Anthu anabwera, anakhala, anawotha moto, koma palibe anatsegula pakamwa kuimba, chifukwa mpingo unali usanalole.

Amayi anga ankatcheza kachasu. Ndikulemba poyera chifukwa iwonso sankabisa. Anayamba bambo atamwalira, pamene tinatulutsidwa m'nyumba ya pa esiteti n'kubwerera kumudzi ndi ana asanu. Mpingo unawadula, ndipo anakhala odulidwa zaka zoposa makumi awiri. Ine mowa sindinaulawepo. Ndinabatizidwa ndili mtsikana, ndinakwatiwa mumpingo, ndipo ndinavekedwa yunifolomu ya gulu la amayi. Ndinawadandaulira kambirimbiri kuti asiye. Ankangoti, "Iwe pemphera, ine nditcheze. Akutiona tonse."

Nditatuluka kukasamba m'maso, ndinamva phokoso kuseri kwa khitchini, pa kachisakasa kamene amayi ankagwirirapo ntchito. Ndinapeza atsibweni anga, mlongo wawo wa amayi, ali ndi amuna awiri apachibale. Anali atanyamula mbiya yaikulu, wina atapachika paipi paphewa.

"Atsibweni, mukupita nazo kuti?"

"Kunthochi. Iwe usalowerere. Akulu a mpingo akubwera mmawa uno. Dzulo ananena kuti banja likachitira umboni kuti mlongo wanga anasiya mowa asanamwalire, awaimbira. Tikangobisa izi basi."

"Mbiya mwanyamulayo ikuwira. Gaga anaviika Lamulungu lomweli. Fungo mulibisanso kunthochi?"

Anaitula pansi n'kundiyang'ana. Maso awo anali ofiira. Anali atayenda wapansi kuchokera kwa Mphuka atangomva uthenga.

"Ukufuna amako aikidwe ngati galu?"

Mawu amenewo anandilasa, ndipo mpaka lero sindiwaimba mlandu atsibweni. Inenso ndinkafuna nyimbo. Ndinali nditaimbira maliro a anthu ambiri, ena a iwo ankhanza odziwika m'mudzi monse, ndipo sindinaganizepo kuti amayi anga adzapita kumanda mwakachetechete. Koma ndinakumbukira mwamuna uja ndi mkazi wake amene anapangana bodza n'kukalinena pamaso pa atumwi. Ndinawauza atsibweni kuti akuluwo akafunsa ine ndinena zoona, ndipo ndi bwino abwezeretse zinthuzo pamalo pake. Anatukwana m'Chilomwe, koma anabweza.

Ndinatsala ndekha m'kachisakasamo kanthawi. Zonse zinali mmene anazisiyira. Nkhuni za bulugamu zouma zinali zitasanjidwa kukhoma, zowazidwa ting'onoting'ono, chifukwa ankati moto waukulu umapsereza mowa. Panali chimtengo chogoba chimene ankadzazamo madzi ozizira kuti paipi idutsemo. Madziwo sankatunga kumtsinje. Ankakwera kukasupe wa kuseri kwa munda wa tiyi, ngakhale miyendo itayamba kuwavuta. Gaga ankafuna wa chimanga chamakolo, wokonola pamtondo. Mbiya ikamawira ankaika khutu pamimba pake n'kumvetsera, ndipo ankadziwa ndi khutu tsiku loyenera kutcheza. Ndinaima pamenepo ndikulira, ine amene ndinkadana ndi malowo.

Kutacha, amayi a m'mudzi anasonkha moto m'mafuwa kuseri kwa nyumba. Nkhuni zinali zonyowa ndipo utsi sunkakwera, unkangoyenda pansi pakati pa anthu. Anzanga a gulu la amayi anabwera, koma atavala zitenje wamba. Anatunga madzi, anasadzula nkhwani, anandigwira dzanja. Palibe anandiyang'ana m'maso nthawi yaitali.

Mkulu wa mpingo anafika ndi ambulera yakuda. Ndi munthu wofatsa, amene anandiphunzitsa m'kalasi ya ubatizo. Tinakhala pakhonde, iye, atsibweni ndi ine.

"Amayi, inu ndiye mboni yathu pakhomo pano. Kodi malemuwa anasiya?"

Atsibweni anayang'ana pansi.

"Sanasiye, abambo. Koma ankapemphera. Kuchipatala anandipempha kuti ndiwawerengere Mawu, ndipo anamwalira nditawagwira dzanja, akutchula dzina la Ambuye."

Mkuluyo anapukusa mutu. Anati lamulo si lake. Anati tikaimbira awa, mawa achinyamata tiwauza chiyani? Anawonjezera kuti ine ndikhoza kulira maliro monga mwana, koma yunifolomu isaoneke, chifukwa yunifolomu ikaoneka ndiye kuti mpingo waoneka, ndipo amene waivala pa maliro osaloledwa amavulidwa. Ndinamuthokoza. Sanachoke, anapita kukakhala ndi amuna pansi pa mtengo wa peyala.

Bokosi linabwera pangolo cha m'ma teni koloko, litafunditsidwa pulasitiki. Tinawasambitsa amayi, ine ndi achemwali anga ndi agogo ena awiri. M'zala zawo munali zipsera za moto zakalekale. Masana anthu a pa esiteti anayamba kutsika m'minda atapimitsa tiyi wawo. Anabwera m'mizere, m'tinjira ta pakati pa tiyi, ena akadali ndi mapulasitiki m'chiuno, mapazi ali matope okhaokha. Sindinkadziwa kuti amayi ankadziwika chotere. Bwalo linadzaza, anthu anaima mpaka m'nthochi.

Adzukulu atatumiza mawu kuti manda atha, ndinalowa m'chipinda n'kutsegula chikwama changa. Yunifolomu ndinali nditabwera nayo kuchokera kwanga, poganiza kuti mwina mpingo ulola. Ndinaiyala pabedi n'kugwada. Tsiku limene ndinavekedwa ndinalonjeza kuyendera odwala, kutonthoza olira ndi kuperekeza akufa. Sindikumbukira kuti ndinalonjeza kuyamba ndafunsa ngati wakufayo ali m'kaundula. Ndinaganiza za munthu wolemekezeka uja amene anapita kwa kazembe kukapempha mtembo wa wopachikidwa, anzake a m'bwalo akuona. Ndinaganiza za wachifwamba wa pamtanda, amene sanafunsidwe kalata ya mpingo. Ndinadzuka, ndinavala, ndinamanga duku, ndinatenga Baibulo langa.

Nditatuluka, phokoso la kumoto linazima. Mnzanga wina wa m'gulu anathamangira kwa ine n'kundinong'oneza. "Amake Joyisi, vulani msanga, sanakuoneni." Ndinamuuza kuti ndavala kuti andione. Ndinakakhala pamphasa pafupi ndi bokosi.

Atsibweni analankhula m'malo mwa banja, mwachidule. Atafunsa ngati pali wina wofuna kulankhula, panaimirira nkhalamba ina yovala jekete lotuwa. Ndinkaidziwa nkhope, chifukwa inkabwera kwa amayi Loweruka lililonse madzulo. Inavula chipewa.

"Ine ntchito yanga inali ya kufakitale, kulawa tiyi. Kulawa n'kulavula, kulawa n'kulavula, mpaka ndinapuma. Lilime ili azungu ankalikhulupirira kuposa sikelo. Ndiye ndikuuzeni, mowa wa mayi awa sindinaulavulepo."

Anthu anaseka koyamba tsiku limenelo. Nkhalambayo sinaseke.

"Musaseke, ndikunena za ntchito. Ena amathira feteleza kuti uwire msanga. Ena amathira za m'mabatire. Timawadziwa, ndipo amene anachita khungu timawadziwanso. Mayi awa ankadikira. Madontho oyamba ankataya pansi, amati amenewo ndi opweteka. Ukayamba kutuluka wamadzi ankazimitsa moto, osaumirira kuti botolo lidzaze. Mowa wawo unkalowa ngati mlendo waulemu, unkanena dzina lake utafika pachifuwa. M'mawa umadzuka mutu uli wako, n'kupita kuntchito. Ukakwana ankakulanda kapu. Ine ndinalandidwa kangapo, ndili ndi imvi zangazi. Mwana sankamugulitsa, ngakhale atatumidwa. Za kumwamba sindikudziwa, akudziwa ndi awo ali apowo. Koma wapita ndi mmisiri, ndipo manja otere kuno kulibenso."

Amuna ambiri anavomera ndi kung'ung'udza. Ndinaona mayi wina kumbali amene sanavomere. Mwamuna wake anathera mu mowa, ndipo wina wa mowawo unachokera pakhomo pathu. Sindikulemba kuti mowa ndi wabwino, ndipo sindinasinthe maganizo. Ndikulemba kuti amayi anga sananyenge munthu pa ntchito ya manja awo, ndipo ine sindikanawanamizira pa tsiku lawo lomaliza.

Tinanyamuka cha m'ma fili koloko. Kumanda kwathu kuli kutsidya kwa khwawa, ndipo njira imadutsa m'mphepete mwa tiyi. Amuna ananyamula bokosi pamapewa, akulandirana. Kunkangomveka mapazi m'matope ndi kulira kwa achemwali anga. Nkhungu inali itaphimba phiri. Tinayenda chotero mpaka pa mlatho wa mitengo.

Pamenepo ndinayambitsa nyimbo. Ndinasankha imene amayi ankaing'ung'udza akamasonkha moto, ya tsiku la kuuka. Mawu anga anatuluka opyapyala, onjenjemera. Ndime yoyamba ndinaimba ndekha. Ndinkamva manyazi kumsana ngati moto, koma sindinasiye.

Pa ndime yachiwiri, kumbuyo kunabwera besi. Ndinatembenuka. Anali amuna a pa esiteti aja, omwa mowa aja, amene sitiwapatsa moni wokwanira tikakumana nawo panjira. Ankaidziwa nyimboyo mawu onse. Ambiri a iwo anakulira m'makwaya asanadulidwe, ena mumpingo wathu, ena m'mipingo ina. Tena analowa, kenako onyamula bokosi. Nkhalamba ya jekete ija inkaimba chipewa chili pachifuwa. Tikukwera chitunda, ndinamva alito pambali panga. Anali mnzanga uja anandiuza kuti ndivule, misozi ikuyenderera. Ena awiri anamutsatira. Otsalawo anayenda atatseka pakamwa, ndipo sindiwaweruza. Mkulu wa mpingo ankabwera kumbuyo kwenikweni ndi ambulera yake. Sanaimbe, koma sanabwerere.

Kumanda dothi linali lofiira, lonyowa. Adzukulu anatsitsa bokosi ndi zingwe. Kenako panagwa bata, chifukwa apa ndi pamene mbusa kapena mkulu amayenera kuima. Anthu anayang'ana kwa mkulu wa mpingo. Iye anayang'ana pansi. Kwathu mkazi saima pamutu pa manda kulankhula, ndipo ine ndinali nditaima ndi amayi anzanga chapatali.

Atsibweni ndi amene anandiitana. "Mwana wa mlongo wanga, bwera kuno. Wanyamula bukulo kuti ulitani? Werenga."

Ndinadutsa pakati pa amuna. Masamba a Baibulo ankanyowa ndipo wina anandiphimba ndi pulasitiki yake ya kumunda. Ndinawerenga za lipenga lotsiriza ndi za akufa amene adzauka. Ndinapemphera mwachidule. Sindinanene kuti amayi alowa kumwamba, chifukwa si ine wosunga khomo. Ndinawapereka m'manja mwa Iye amene amadziwa zonse za m'kachisakasa muja, ndi za kuchipatala, ndi za ana asanu. Anthu anati ameni mwamphamvu, mpaka mbalame zinauluka m'mitengo ya kumanda. Atsibweni anaponya dothi loyamba.

Pobwerera, mkulu wa mpingo anandidikira pa mlatho.

"Amayi, mukudziwa kuti ndiyenera kukanena."

"Ndikudziwa, abambo. Mukanene zonse, musasiyeko."

"Komiti ikhala Lamulungu. Mubwere nayo yunifolomuyo."

"Ndibwera nayo."

Anangoti pepani ndi maliro, n'kupitirira.

Anthu anadya n'kubalalika mofulumira, a kutali pofuna kukafika kusanade. Dzuwa sitinalione likulowa. Tinangodziwa ndi mdima wa pamasamba a nthochi kuti Sabata lafika. M'nyumba munatsala ife ana, atsibweni ndi agogo awiri aja. Madontho ankagwa kuchokera kudenga kulowa m'chidebe cha pakhonde. Malo amene panali mphasa ya amayi anali atasesedwa, ndipo aliyense ankawalambalala.

Ndinavula yunifolomu n'kuiyang'ana pa nyali. Kumunsi konse kunali kofiira ndi dothi la kumanda, ndipo pamkono panali zala za munthu wina amene anandigwira ndikuterereka pachitunda. Achemwali anga anati Sabata likatha andithandiza kuchapa ndi kusita, kuti ndikaipereke yoyera, mwina akuluwo angandimvere chisoni. Ndinawathokoza. Ndinaipinda bwinobwino, matope ali kunja, n'kuiika pamwamba pa chikwama. Ndinawauza kuti asaikhudze. Akuluwo akailandira ndi dothi lake, adziwe kumene inapita.