Paipi ya Neba Wathu

Neba wathu, amene adapuma ntchito ya umakaniko ku esiteti ya tiyi, ali ndi kamakina ka dizilo kofunditsira chipinda cha akazi awo, omwe nyamakazi imawazunza chiperoni chikagwa. Paipi yotulutsa utsi adaiboolera khoma la njerwa, kutali ndi zenera, n'kuitchinga ndi waya wa sefa. M'mawa uliwonse amaima kuseri kwa nyumba kuona komwe mphepo ikutengera utsiwo. Amakonda kunena kuti moto umaoneka, utsi umanunkha, koma chitsulo chotentha sichichenjeza munthu.

Tsiku lina mvula yowaza itakana kukata, ndidaona mwana wawo wamkazi, Make Emelda, akumasula waya uja kuti ayanike matewera a khanda lake papaipi. Bambowo sadakalipe. Adathyola tsamba lonyowa la nthochi n'kuligunditsa pachitsulocho, ndipo lidafota n'kuda pomwepo. Kenaka iwo eni adatenga matewerawo kuti akayanike pachingwe m'chipinda chofundacho.

"Make Emelda, mwana wakoyu wayamba kukwawa," adatero akumanganso wayayo. "Pomwe wagwira iwe lero, mawa adzagwira iye."